Besi siopa mpanda

Munthu wokhala moyandikana ndi bala kuno ku Blantyre nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti nyimbo imene imamulanda tulo ndi iti. Mawu a woimba safika kuchipinda kwake, gitala nayenso amathera m'njira. Chimene chimalowa pakati pa usiku ndi kugunda kokha, du, du, du, kumene umakumvera pachifuwa ndi pagalasi la zenera kuposa m'khutu. Kwathu ku Zingwangwa, kumunsi kwa phiri la Soche, nkhani imeneyi yadanitsa anthu amene kale ankapatsana moto, ndipo chovuta chake n'chakuti mbali zonse ziwiri zimanena zoona.

Mwini bala ina ya kufupi ndi kwathu anamanga mpanda wa njerwa wautali ndithu anthu atadandaula. Tsiku lina madzulo ndinapita kukamuona za phokosolo. Anandigwira dzanja n'kunditulutsa kunja kwa geti.

"Tamverani nokha, madala. Mawu a nyimboyi mukuwamva pano? Ine mbali yanga ndinachita. Mtengo wa simenti mukuudziwa."

"Mawu sindikuwamva, achimwene. Koma Loweruka likubwerali mudzagone kwathu."

Anaseka, nanenso ndinaseka. Sankanama. Mpanda wake umagwiradi ntchito, kungoti umatchinga mbali ya nyimbo imene sinkavutitsa aliyense.

Kuti mumvetse chifukwa chake, pitani kwa anyamata okonza mawailesi mumsika wa Limbe kapena ku Ndirande, muwapemphe akuonetseni sipika yaikulu itachotsedwa m'bokosi lake. Ndi chipepala cholimba chakuda, chozungulira, cholowa mkati chapakati, ndipo kumbuyo kwake kuli maginito olemera ndi waya wopyapyala wokulungidwa. Mnyamata akagusitsa mawaya ake ku kabatire, chipepalacho chimadumphira kutsogolo. Akatembenuza mawayawo, chimalowa mkati. Ndi mmene amadziwira ngati sipika ndi yamoyo kapena inapsa. Akaika nyimbo yokhala ndi besi yambiri, mumachiona ndi maso chipepalacho chikutuluka ndi kulowa, fumbi la pamwamba pake likudumphadumpha. Ikani chikhatho pafupi. Mumva mpweya ukukugundani, koma palibe mphepo imene ikupita kwina kulikonse.

Phokoso ndi limenelo basi. Chipepala chikatuluka chimapanikiza mpweya umene uli patsogolo pake, mpweyawo n'kukankha unzake, unzakewo n'kukankha wina, kenako uliwonse n'kubwerera pamalo pake. Amene anaimapo pamzere wolowera pa Kamuzu Stadium tsiku la Maule ndi Manoma akudziwa mmene zimakhalira: wina akakankha kumbuyo kwenikweni, kukankhako kumayenda mpaka kukafika kwa amene ali pageti, koma wokankhayo adakali kumbuyo komweko. Chimene chayenda ndi mphamvu, anthu sanasinthe malo. Mpweya wa m'bala sufika kuchipinda kwanga. Chimafika ndi kukankhako, ndipo ndi chimene akatswiri a sayansi amachitcha funde.

Mafunde amenewa amasiyana pa kufulumira kwa kugunda kwake. Chipepala chikatuluka ndi kulowa ka 50 pa sekondi, amati ndi ma Hertz 50, potengera dzina la Heinrich Hertz wa ku Germany. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa ma Hertz 20 mpaka 20,000. Kugunda kwa besi ya m'bala kumakhala cha m'ma 40 mpaka 100. Kung'ung'udza kwa thiransifoma ya pamtengo wa magetsi kuli pa 100, chifukwa magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi ndipo chitsulo cha mkati mwake chimafinyika kawiri pa kusintha kulikonse. Zilembo zimene zimapangitsa kuti mawu a munthu amveke bwino, monga s, t ndi tch, zili kumtunda kwambiri, pa masauzande angapo.

Onsewa, okhuthala a ma Hertz ochepa ngati besi ndi opyapyala a ma Hertz ambiri omwe, amathamanga liwiro limodzi mumpweya, pafupifupi mamita 343 pa sekondi kukakhala kotentha madigiri 20. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Gawani 343 ndi 50, mupeza kuti funde limodzi la besi ndi lotalika pafupifupi mamita 7, kuposa chipinda chochezera cha nyumba zambiri za m'makomboni. Gawani 343 ndi 5,000, mupeza masentimita 7 okha. Ndiye pali lamulo limene mafunde onse amatsata: funde likakumana ndi chinthu chachikulu kwambiri kuposa utali wake limatchingika, kuseri kwake n'kukhala mthunzi, koma likakumana ndi chinthu chochepa kapena chofanana nalo limangopinda n'kuchizungulira. Mpanda wa mamita awiri ndi theka ndi chimphona kwa funde la masentimita 7. Kwa funde la mamita 7 si kanthu, limaudumpha n'kutsikira kuseri ngati panalibe chilichonse.

Likafika panyumba silivutikanso. Malata ndi opepuka, galasi la zenera ndi lopyapyala, ndipo kukankha kwapang'onopang'ono kwa besi kumazigwedeza mosavuta, izo n'kugwedeza mpweya wa mkati. Kuwonjezera apo, mpweya weniweniwo umameza mawu opyapyala msanga kuposa okhuthala. N'chifukwa chake mphezi ikagwa pafupi mumamva kung'ambika kwakuthwa, koma ikagwa kutali cha ku Chiradzulu mumangomva kugunda kwa bingu kotalika. Phokoso linali limodzimodzi pochoka, mbali yake yopyapyala yathera m'njira.

Ine ndimaona kuti mikangano yambiri ya phokoso m'makomboni mwathu imapita padera chifukwa odandaula amapempha chinthu cholakwika. Amati tsitsani voliyumu, mwini bala n'kutsitsa pang'ono, makasitomala n'kuyamba kudandaula kuti nyimbo sikumveka, pakapita mphindi khumi n'kukwezanso. Chofunika kupempha ndi batani lina lija la besi. Kulitsitsa kokha, kuchotsa sipika yaikulu pakona pamene makoma awiri ndi pansi zimaikuza, kuiika pa chinthu chofewa kuti isagwedeze simenti, ndi kuibweza m'nyumba m'malo moitulutsa pakhonde, zimathandiza oyandikana nawo kuposa kuwonjezera mizere itatu ya njerwa. Ovina sataya zambiri. Zimenezi zikukhudzanso mipingo ya mapemphero ochezera usiku wonse, ngakhale kuti kumeneko munthu amayamba wakhosomola kaye asanadandaule.

Pali chinthu chinanso chimene anthu amachitenga ngati maganizo chabe, chakuti usiku phokoso limafika patali. Mbali ina n'chifukwa choti maminibasi ndi ma kabaza asiya kuyenda, ndiye palibe chophimba. Koma mbali yaikulu ndi mpweya. Phokoso limathamanga msanga mumpweya wotentha kuposa wozizira: pa madigiri 10 limayenda mamita 337 pa sekondi, pa madigiri 30 limafika 349. Masana a mu Okutobala nthaka ndi malata zimatentha, mpweya wapansi umakhala wotentha kuposa wam'mwamba, ndiye mbali yapansi ya funde imatsogola, funde lonse n'kupindira kumwamba. Phokoso limathawira m'mlengalenga, munthu amene ali patali pang'ono osamva kanthu. Usiku wopanda mitambo wa mu Juni ndi Julayi zimatembenuka. Nthaka imazizira msanga, mpweya wozizira umatsetsereka kuchoka m'mapiri n'kukakhazikika m'zigwa za Mudi, Naperi ndi Nasolo, wofundirako n'kukhala pamwamba pake. Tsopano mbali yam'mwamba ya funde ndi imene imatsogola, ndipo phokoso limene likanathawira kumwamba limapindira pansi, n'kukagwera tsidya lina la chigwa. Ndi usiku wotere umene mumamva kulira kwa sitima kuchokera mbali ya ku Limbe ngati ili kuseri kwa nyumba, kapena nyimbo za pamaliro a dera lina mpaka kuzindikira kuti ndi mpingo uti. M'bandakucha, kuitana kwa mapemphero kwa mizikiti ingapo kumafika kosanjikizana, wina wapafupi, wina wa kutali kumene masana simungaumve. Mphepo imachitanso chimodzimodzi: imathamanga kwambiri m'mwamba kuposa pansi, ndiye imapindira phokoso pansi kumene ikulowera, n'kulinyamulira kumwamba kumene ikuchokera.

Mzinda wathu unamangidwa pakati pa mapiri, Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, ndipo nyumba zambiri zinakwera m'mbali mwa zigwa moyang'anizana. Palibe malo abwino ofalitsira phokoso kuposa amenewa. Wa kumtunda alibe chomutchinga, sipika ya kumunsi imamuona maso ndi maso.

Mkati mwa nyumba vuto limakhala lina, la mawu obwerera. Khoma losalala la simenti limabweza pafupifupi phokoso lonse limene lagundapo. Mawu obwererawo akachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, khutu limawamva ngati mawu achiwiri, ndipo zimenezi zimachitika khoma likakhala pa mamita 17 kapena kupitirira. Akafulumira kuposa apo amangosakanikirana ndi oyamba n'kuwatalikitsa. Kwaya imakoma nazo, chifukwa mawu amanyamulana. Mlaliki amavutika nazo, chifukwa liwu limene walankhula kale limakhala likuzungulirabe pamene akutchula lotsatira. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre, chimene m'busa David Clement Scott anatsogolera kumanga kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi njerwa zoumbidwa pomwepo, chinamangidwa nthawi imene kunalibe zokuzira mawu, ndipo wolankhula m'nyumba yotere ankayenera kudekha, kutchula mawu amodziamodzi ndi kupatsa chipinda mpata woti chikhale chete. Matchalitchi ambiri atsopano ndi maholo aakulu a makoma osalala, matailosi pansi, malata opanda siling'i pamwamba. Anthu akumbuyo akadandaula kuti sakumva, mnyamata wa pamakina amakweza sipika, osadziwa kuti akukwezanso mawu obwererawo. Phokoso limakula, kumva kumachepa.

Munthu amene anayamba kuyeza zimenezi mwadongosolo anali Wallace Sabine wa pa yunivesite ya Harvard, kuyambira mu 1895. Anapatsidwa holo yophunzitsiramo imene mawu sankamvekamo, ndipo iye ndi omuthandiza ankanyamula makushoni a mipando usiku kuchokera ku holo ina, n'kumayeza kuti phokoso likuchedwa bwanji kuzimirira akawonjezera makushoniwo. Anapeza kuti mankhwala ake ndi zinthu zofewa: nsalu, makushoni, ngakhale anthu enieniwo ndi zovala zawo. N'chifukwa chake tchalitchi chodzaza pa Isitala chimamveka bwino kuposa chomwecho pa mapemphero a m'kati mwa sabata. Komiti ya chitukuko ikanagula makatani olemera ndi siling'i isanagule sipika yachitatu, ikanapulumutsa ndalama.

Kuwala nakonso ndi mafunde, ndipo lamulo la utali lija limagwiranso ntchito, koma pa mlingo wina. M'milimita imodzi mumalowa mafunde a kuwala kobiriwira pafupifupi 2,000. Kwa funde laling'ono chotero, ngakhale tsamba la mango ndi khoma lalikulu. Ichi n'chifukwa chake mumamva munthu akulankhula kuseri kwa nyumba koma simumuona, ndipo mthunzi wa mpanda padzuwa umakhala ndi malire akuthwa. Komabe kuwala kumapinda mukakupatsa mpata wochepa mokwanira. Usiku tambasulani ambulera yakuda, muyang'ane babu la patali kudzera m'nsalu yakeyo. Simuona kadontho kamodzi, muona timadontho tondandalikana ngati mtanda, tina tili ndi mitundu m'mbali. Timabowo ta pakati pa ulusi tapinda kuwalako, ndipo mafunde ochokera m'mabowo oyandikana akuthandizana pena, kufafanizana pena. Thomas Young wa ku England anagwiritsa ntchito kufafanizana kotereku kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 posonyeza kuti kuwala kumayenda ngati funde.

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti kuwala sikusowa mpweya. Robert Boyle anasonyeza cha m'ma 1660 kuti ukapopa mpweya m'chigalasi chotsekedwa, phokoso la chinthu chimene chili mkatimo limazilala, koma chinthucho umachionabe. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa makilomita pafupifupi 150 miliyoni opanda mpweya, ndipo kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20 kuti kutifike. Liwiro lake ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kuposa phokoso maulendo oposa 800,000. Anthu akale ambiri ankaganiza kuti kuwala sikutenga nthawi n'komwe, mpaka Ole Rømer wa ku Denmark, akugwira ntchito ku Paris mu 1676, anaona kuti mwezi umodzi wozungulira dziko la Jupiter wotchedwa Io umachedwa kuonekera dziko lathu likatalikirana ndi Jupiter.

Mvula zoyamba zikamabwera mu Novembala mungayese nokha muli pakhonde. Mphezi imatenthetsa mpweya mpaka madigiri pafupifupi 30,000 m'kanthawi kochepa zedi, mpweyawo n'kuphulika, ndipo kuphulikako ndiye bingu. Kung'anima kumakufikani nthawi yomweyo, bingu limabwera pambuyo likuyenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mukawerenga masekondi 9, yagwa pa makilomita atatu. Mukawerenga osafika 30, ili pafupi mokwanira kuti ana achoke pabwalo la mpira ndi pansi pa mitengo. Izi sizichotsa mantha amene anthu amakhala nawo pa mphezi, ndipo ine sindinganene kuti asamaope, koma kuwerenga kumathandiza kudziwa ngati ikubwera kapena ikupita.

Pakati pa phokoso ndi kuwala pali wailesi, imene kwenikweni ndi m'bale wake wa kuwala. James Clerk Maxwell wa ku Scotland analosera ndi masamu mu 1865 kuti payenera kukhala mafunde a magetsi ndi maginito oyenda pa liwiro la kuwala, ndipo Hertz uja anawapanga ndi kuwagwira mu labotale yake ku Karlsruhe mu 1887. Mawailesi a FM amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 pa chikwangwani cha wailesi yanu, kutanthauza mamiliyoni a ma Hertz. Pa 100, funde limodzi ndi lotalika mamita atatu. Limazungulira nyumba ndi mitengo bwinobwino, koma phiri la Ndirande silingalizungulire, ndipo amene ali kuseri kwake amakhala mumthunzi. Mafoni amagwiritsa ntchito mafunde aafupi kwambiri, masentimita pafupifupi 33 kapena kucheperapo, n'chifukwa chake nsanja zawo zimalimbirana nsonga za mapiri ndi madenga a nyumba zosanja, ndipo munthu wa m'chigwa amatuluka kukaima pachulu kuti netiweki igwire. Madala akale anali ndi mwayi wina. Mafunde a medium wave ndi otalika mamita mazana angapo ndipo amakwawa pamwamba pa mapiri, pamene a short wave amakagunda m'mwamba kwambiri mumlengalenga n'kubwerera pansi kutali. Ndi mmene agogo athu ankamvera Channel Africa ya ku Johannesburg ikuulutsa m'Chinyanja, kapena BBC ya ku London, pa kawailesi ka mabatire, mawu akumapita ndi kubwera.

Mafunde a wailesi amatenga magawo awiri okha mwa magawo 1,000 a sekondi kuyenda mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Karonga. Mluzu wa woimbira mpira umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi kuchoka pagolo lina kufika pagolo linzake. Makina a kuwailesi akapanda kuchedwetsa, wa ku Karonga akhoza kuumva mluzuwo wokhala kumapeto kwa sitediyamu asanaumve.

Utali wa funde ndi nkhani ina, mphamvu yake ndi nkhani inanso, ndipo iyi ndi imene imandidetsa nkhawa kuposa tulo tanga. Mphamvu ya phokoso amaiyeza ndi ma decibel. Kucheza wamba kuli cha m'ma 60. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati pa 85 khutu limapirira maola 8 patsiku, ndipo mukawonjezera ma decibel atatu okha mphamvu imawirikiza kawiri, nthawi yopirira n'kutsika ndi theka: maola 4 pa 88, maola awiri pa 91, mphindi 15 pa 100. Simusowa makina kuti mudziwe. Ngati mukufunika kukuwa kuti munthu amene waima potalikira mkono umodzi akumveni, mwafika kale pa 85 kapena kupitirira.

Tsopano lowani m'chigayo chilichonse cha ku Bangwe kapena ku Chirimba. Amayi obwera kudzagayitsa amaima panja, amalowa mphindi zochepa, amatuluka atagwira m'makutu. Mnyamata wothira chimanga amakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ufa uli mbuu m'nsidze, akulankhula ndi makasitomala ndi manja okha. Chimodzimodzi owotcherera zitsulo ndi odula malata, osema matabwa pa makina, ndi anyamata oimba nyimbo pa maukwati amene amaima moyandikana ndi sipika tsiku lonse. Mkati mwa khutu muli timaselo ta tsitsi tosaoneka ndi maso timene timasandutsa kugwedezeka kukhala uthenga wopita ku ubongo, ndipo tikafa sitimeranso. Toyamba kufa ndi timene timamva mawu opyapyala, cha pa ma Hertz 4,000. Munthu sazindikira msanga, chifukwa phokoso la galimoto ndi kugogoda kwa chitseko amazimvabe. Chimene amataya ndi zilembo zija zosiyanitsa mawu. Amayamba kunena kuti anthu masiku ano akulankhulira m'kamwa, pa gulu amangogwedeza mutu, kunyumba amamuti ndi wamwano chifukwa sayankha. Ena amagona ndi kulira kwa nkhululu m'makutu kumene sikutha.

Thonje limene anyamatawa amatsekera m'makutu limachotsa pang'ono chabe. Zotsekera zenizeni, zofewa zolowetsa m'khutu kapena zovala ngati mahedifoni, zimagulitsidwa m'mashopu a zipangizo zomangira ku Limbe ndi m'tauni, ndipo mtengo wa zolowetsa m'khutuzo sufika pa ndalama imene chigayo chimapeza pa ola limodzi. Pabwalo, kutalikira kawiri kuchoka pa makina kumatsitsa phokoso ndi ma decibel 6, ndiye ngakhale benchi yodikirira makasitomala ikangosunthidwa kupita panja, mnyamatayo akumapumulirako pamene chigayo chikuyenda chopanda kanthu, maola ake opirira amachuluka. Eni zigayo ambiri amagulira antchito awo chophimba mphuno chifukwa ufa umaoneka ndi maso. Zotsekera m'makutu ndi zimene sindinazionepo zitapachikidwa pa msomali pambali pa chophimba mphunocho.